Namapopa wanuyo anatumidwa ndi ndani?

Achimwene ena a ku Ngabu andilembera kuti akupeka nthano ya namapopa wosafa, wolakalaka ufumu, koma womangika ndi lumbiro kwa mbuye amene anamusandutsa. Akufunsa kuti pomaliza asankhe mphamvu, ufulu kapena kukhulupirika.

Achimwene, kalata yanu yandisowetsa tulo, chifukwa kuno kuchigwa cha Shire anamapopa si nkhani yoseweretsa. Mu 2017, mphekesera itabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Nsanje, ine ndinali kwa azakhali anga ku Bangula. Kutentha konse kuja kwa Okutobala, nthawi imene timagona panja pamkeka, tinkadzitsekera m'nyumba, mazenera titaphimba ndi zitenje, thukuta lili kamukamu. Anyamata ankachezera pamsewu ndi zibonga ndi zikwanje, kuimitsa galimoto iliyonse. Mnyamata wina wochokera kopopera tomato kudimba anatsala pang'ono kuphedwa chifukwa cha mpope umene anabereka kumsana. Anamapopawo kunalibe, koma anthu osalakwa anafa ndithu, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe.

Chimene ndinamva usiku uliwonse ndi ichi: palibe ankati namapopa amadzipopera yekha. Aliyense ankati "atumidwa", kaya ndi anthu andalama, kaya ndi akunja. Mantha athu ndi a munthu wosauka amene akuganiza kuti ngakhale magazi ake ali ndi owagula. Ndiye ndikukana kwamtuwagalu kuti wanuyo akhale bwana wa m'nyumba yachifumu yozizira, wovala mkanjo wakuda. Kuno amenewo sitiwadziwa. Wanuyo akhale kapitawo, wotumidwa, amene watopa kunyamulira wina chakudya ndipo akufuna mpando.

Mbiri yathu yomwe ili ndi anthu amene anaima pamphambano yotere. Amakololo anali anthu a mfumu Sekeletu, kumtunda kwa Zambezi, ndipo anabwera kuno akuperekeza David Livingstone. Ulendo wake utatha mu 1864, ena sanabwerere kwawo. Anali ndi mfuti, Amang'anja anali atafooka ndi njala komanso ogwira akapolo, ndipo operekeza aja anasanduka mafumu. Maina a Kasisi, Katunga ndi Maseya alipobe ku Chikwawa. Sindikuwafanizira ndi opopa magazi, ayi. Ndikuti muganizire mtima wa munthu amene wasiya mfumu yake kutali, wapeza ufulu, kenako anthu othawa nkhondo adzagwada pakhomo pake kuti awateteze. Ufulu uja watha pomwepo, tsopano ali ndi anthu.

Nanga asankhe chiyani?

Atenge ufumu. Apandukire mbuye wake, koma tsiku limene wakhala pampando apeze kuti anamapopa onse akuyang'ana iye kuti awadyetse, ndipo mudzi wapafupi ndi wa mayi ake. Kukhulupirika kumene kudzamupweteke si kwa mbuye uja, ndi kwa mlongo wake amene amamuitanabe ndi dzina la paubwana.

Mudziwo muupeke, mfumu yake muipeke, ndipo namapopa wanu asafanane ndi mtundu, chipani kapena ntchito ya munthu aliyense wamoyo, makamaka azaumoyo amene amatenga magazi kuchipatala. Mukamaliza mutu woyamba munditumizire.