Bipod pa mfuti ya mpweya yothyola pakati

Achimwene a ku Ulongué, mwati muli ndi mfuti ya mpweya ya Gamo ya 5.5 mm yothyola pakati yomwe mumaphera makoswe kunkhokwe, ndipo chimangireni bipod (miyendo iwiri yotsamiritsapo mfuti) pampope, shumbu (tizipolopolo take) ikungomwazika. Mukufunsa ngati mwamanga molakwika. Kamangidwe mwina kali bwino, koma malowo ndi olakwika. Ichotseni pampopepo.

Mfuti yothyola ili ndi mola (sipuling'i) yolimba ndi pisitoni mkati. Mukakhethemula, pisitoni ikamathamangira kutsogolo mfuti imakankhira m'mbuyo, kenako pisitoniyo ikagunda kumapeto mfuti imalumphiranso kutsogolo. Kugwedezeka konseku kumayamba shumbu ikadali mumpope. N'chifukwa chake mfuti yotere imafuna kuigwira ngati mwanapiye, osaifinya, kuti izigwedezeka chimodzimodzi nthawi zonse. Tsono miyendo yachitsulo ikaponda pasimenti kapena padothi louma la m'chilimwe, mfuti imanjanja, ulendo uno chakumanzere, ulendo wina cham'mwamba.

Palinso china chomwe ambiri sachiona. Mpope wa mfuti yanu umagwira pothyolera paja pokha, pomwe sikopu, galasi loyang'anamo polozetsa mfuti, yakhala kumbuyo pathupi la mfuti. Kulemera konse kukatsamira pamiyendo yomangidwa kumpope, mpopewo umakankhidwira m'mwamba pang'ono. Ndi maso simungaone, koma pa mamita 20 sikopu ikuyang'ana kwina, mpope kwina. Ndinataya mabokosi awiri a shumbu ku Domué ndikupotokola sikopu, kuyesa kuti yafa, pomwe vuto linali miyendo.

Chomwe ndimachita ine tsopano n'chotchipa. Ndimadzaza gaga kapena mchenga m'kathumba, ndimagoneka dzanja lotambasula pamwamba pake, thabwa la mfuti n'kukhala pachikhatho. Pathabwapo ndinamata katepi kuti dzanja lizikhala malo amodzimodzi tsiku lililonse.

Ngati mtima uli pa bipod basi, funani ya miyendo yolekana, yomwe mwendo uliwonse umamangidwa m'mbali, pa maparafuzu awiri akutsogolo ogwira thabwa. Pansi pakati musaboolepo, pali mpata womwe chitsulo chokokera mola chimadutsa mukamathyola. Ngakhale imeneyo muiyese kaye musanaikhulupirire, ndipo miyendo iziponda pa chinthu chofewa ngati saka lopinda.

Kwa anzathu a m'gulu muno omwe muli ndi PCP, zija zopopera mpweya m'thanki, nkhani yanu ndi ina. Mfuti imeneyo sikankha, choncho bipod imaiyanja kwambiri. Zina zimabwera kale ndi kanjanji komangapo bipod kotchedwa Picatinny pansi, mumangolowetsa n'kumanga. Ngati palibe, mumaika kachitsulo kokolekapo lamba wonyamulira mfuti, komwe bipod za mtundu wa Harris zimagwira. Koma chonde, yambani mwamasula thabwa, muboole lili palokha. Yambani ndi kabowo kakang'ono kuti lisang'ambike, ndipo yezani parafuzu isatulukire mkati n'kukanda thanki, muja mumakhala mpweya wopanikizika kwambiri, wa 200 bar kapena kuposa. Ngati ndi pulasitiki yamphako mkati, parafuzu yokha sigwira, pamafunika nati ndi washala kuseri. Za kutalika, miyendo ya masentimita 15 mpaka 23 ndi yapatebulo kapena pabwalo losesa. M'maudzu a ku Tsangano nthawi ya dzinja muzingoona udzu wokhawokha, bola ya 23 mpaka 33.

Achimwene, musangomvera ine. Khomani pepala pa mamita 20, kumbuyo kwake kukhale chulu kapena mulu wa dothi, osati khoma la njerwa chifukwa shumbu imanjanja, ndipo kunkhokwe ana sasowako. Ombani kasanu ndi bipod, kasanu pakathumba, shumbu ya mtundu umodzi. Musanayambe, onani ngati maparafuzu a thabwa ndi a sikopu ali olimba, pakuti mfuti za mola zimawamasula zokha. Mukatero mujambule mapepala awiriwo mutitumizire muno, tikuthandizeni kubweza sikopu pamalo pake.