Khadi langa la kubanki lili kwa wakatapila, ndichite bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene wapempha kuti ndisamutchule dzina. Kalatayo ndaifupikitsa, koma mawu ndi ake:

"Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina, ndipo akadula zodula ndimatsala ndi K390,000 kapena kuchepera pang'ono. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ali Fomu 2. Mu Januwale fizi itandipanikiza ndinakatenga K150,000 kwa bambo wina wakatapila, ndipo anasunga khadi langa la ATM pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Mwezi uliwonse amatapa K75,000 koma ngongoleyo ikadali pomwepo, tsopano patha miyezi isanu. Pofika pa 10 ndimakhala ndilibe ngakhale ya minibasi. Anzanga ena akuti ndikatenge loni kubanki, ena akuti kumeneko ndiye kudzikumbira dzenje lina. Komanso msonkho umene amandidula ndimauona ngati wachuluka. Ndichite bwanji?"

Achemwali, tiyeni tiyambe ndi masamu amene mwina mwakhala mukuopa kuwachita. K75,000 kasanu ndi K375,000. Munatenga K150,000, mwabweza kale kawiri ndi theka, ndipo bamboyo akuwerengabe kuti muli ndi ngongole ya K150,000. Mukapitiriza chonchi mpaka chaka chikwane, mudzakhala mutamupatsa K900,000, malipiro anu a miyezi iwiri ndi masiku ena pamwamba. Ndiye musanayambe kudzida kuti mumadya nyama kawiri pasabata kapena kuti bandulo imakuthera msanga, dziwani kuti chidebe chanu chili ndi bowo limodzi lalikulu pansi. Timabowo tinato tikambirana, koma sitingayambire kumeneko.

Sindikukuweruzani, chifukwa njira imeneyi ndinaiyenda. Zaka zingapo zapitazo ndikukhala ku Ndirande, bambo anga aang'ono anamwalira kumudzi ndipo bokosi ndi galimoto zinagwera ine. Amene anandibwereka anali mayi wachikulire, waulemu bwino, wopereka moni mogwira m'manja. Anali ndi kope lachikuto cholimba ndiponso chitini cha mabisiketi chodzaza ndi makhadi a ATM, khadi lililonse atalikulunga kapepala ka nambala yake n'kulimanga ndi kalabala. Tsiku la malipiro ankandiimbira yekha, ine malipiro anga ndisanadziwe kuti alowa. Ndinkakaima pambali pa makina ngati mwana wodikira ndalama ya zitumbuwa, iye n'kutapa zake, kenako n'kundipatsa zotsala, ine n'kunena kuti zikomo. Zikomoyo imandiwawabe mpaka lero. Zinanditengera miyezi isanu ndi iwiri kuzindikira kuti mayiyo sankafuna kuti ndibweze mpamba wake. Munthu wobweza zonse ndi kasitomala wotayika. Amene amamukonda ndi uja wopereka chiwongoladzanja chokha mwezi ndi mwezi, mwaulemu, osachita phokoso.

Tsono ku funso lanu la banki, ine ndikuti inde, katengeni, koma mumve bwino malire ake. Chiwongoladzanja cha kubanki kuno kwathu n'chokwera, palibe angakane. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika mlingo wake pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamabwereketsa munthu wamba amaonjezera zawo pamwamba. Komabe chimenecho n'cha pachaka. Ngakhale titati akulipiritseni 40 peresenti, pa K150,000 ndi K60,000 chaka chonse. Wakatapila akukudyani K75,000 mwezi umodzi. Anzanu amene akuti banki ndi dzenje sakunama ayi, koma dzenje lake lili pena. Mukakafika ndi peyisilipi yanu, wa kudesiki akakuuzani mosekerera kuti malipiro anu akukuyenerezani kutenga K1,000,000 kapena kuposa, ndipo m'mutu mwanu mukayamba kuonekera filiji, sofa, ndi geni ya kaunjika imene simunaiganizirepo dzulo lake. Chikomekome cha mkuyu. Mukatenge yokwanira kuombola khadi basi, ndipo musankhe miyezi yochepa imene mungakwanitse, isanu ndi umodzi kapena chaka, osati zaka zitatu. Musanasaine afunseni zinthu ziwiri ndipo akulembereni pa pepala: ndalama zimene zilowe m'manja mwanu akachotsa zolipira zoyendetsera loni ndi inshulansi, ndiponso ndalama zonse pamodzi zimene mudzakhale mutabweza loniyo ikamatha. Nambala ya pamwezi yokha imanyenga, chifukwa imachepa loni ikatalika pomwe zonse pamodzi zikukula.

Musanapite kubanki yambani mwagogoda kuntchito kwanu. Makampani ambiri amapereka advansi kapena loni ya ogwira ntchito pa chiwongoladzanja chochepa, nthawi zina popanda n'komwe, koma anthu safunsa chifukwa cha manyazi. Mkulu wa malipiro anaona kale zoposa zanuzi. Ngati muli mu SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsana ndalama), kumenekonso n'kofewa chifukwa amabwereketsa poyang'ana masheya anu. Banki mkhonde ndimaikonda, ndipo amayi ambiri amanga nyumba nayo, koma magulu ambiri amalipiritsa 20 peresenti pamwezi. Ubwino wake ndi woti gawo la chiwongoladzanjacho limabwerera kwa inu pogawana mu Disembala. Kuipa kwake ndi koti mukalephera kubweza, amene adzabwere kudzanyamula matiresi ndi amayi amene mumaimba nawo kwaya.

Ndalamayo ikapezeka, musakapereke muli nokha. Tengani munthu wamkulu, mlongo wanu kapena wa kumpingo, ndipo musanatulutse kalikonse yesani kukambirana naye bamboyo. Muuzeni kuti mwamupatsa kale K375,000, ndipo muli ndi K100,000 m'manja lero kuti nkhani ithe. Ena amavomera, makamaka akaona mboni, chifukwa akudziwa kuti bizinesi yobwereketsa ndalama imafuna chilolezo chochokera kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ndipo makhoti athu ali ndi mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chankhanza. Safuna nkhani ifike kumeneko. Akakana, perekani K150,000 yonse, zilibe kanthu, mwapindulabe. Alembe kuti ngongole yatha, asaine, mboni isainenso. Kenako tsiku lomwelo pitani kubanki mukatseketse khadilo n'kutenga latsopano. Wina angakuuzeni kuti mungotseketsa khadi lero osabweza kanthu. Kutseketsa n'kotheka, khadi ndi lanu, koma ngongole ikhalapobe ndipo munthuyo akudziwa kumene mumakhala ndi kumene mumagwira ntchito. Ine sindingakulangizeni zimenezo.

Za msonkho tidutsepo mwachangu, chifukwa apa mphamvu zanu n'zochepa. PAYE, msonkho wa pa malipiro, amaidula m'magawo. Pa magawo amene anayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyambirira pamwezi sinkadulidwa msonkho, ndipo kuchokera pamenepo kufika K500,000 ankadula 25 peresenti. Munthu wolandira K500,000 asanadule ankapereka 25 peresenti ya K350,000, yomwe ndi K87,500. Nduna ya zachuma imasuntha manambalawa pa bajeti, choncho tengani magawo a chaka chino ku bungwe lotolera msonkho la MRA muwerengere nokha ndi foni yanu, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Pali bodza lina limene limayenda m'maofesi loti akakukweza malipiro n'kulowa gawo lapamwamba, ndalama zako zonse zimadulidwa pa mlingo wokwerawo. Ayi. Chimadulidwa mokwera ndi kachidutswa kokhako kamene kapyola malire.

Mzere umene ndikufuna muuyang'anitsitse pa peyisilipi ndi wa penshoni. Lamulo limati wolemba ntchito aike zosachepera 10 peresenti, inu 5 peresenti. Kudula amadula ndithu mwezi uliwonse, koma mabwana ena satumiza ndalamazo kukampani ya penshoni, ndipo Reserve Bank yakhala ikudandaula poyera za vuto limeneli. Pemphani sitetimenti ya penshoni yanu kamodzi pachaka, muone ngati miyezi yonse ilimo. Yang'ananinso ngati palibe zodulidwa zimene munaziiwala, monga inshulansi ya maliro imene munasainira tsiku lina ajenti atabwera kuofesi ndi maambulera aulere. Mwina mukuifunadi, koma muzidziwa kuti ilipo ndipo ikuteteza ndani.

Tsopano tibwere pa chimene chinakupititsani kwa wakatapila, chifukwa tikachisiya mudzabwererako. Fizi ya Januwale sinali ngozi, achemwali. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, mu Januwale ndi cha mu Epulo chaka chilichonse, ndipo tsiku limadziwikiratu. Ife olandira pamwezi timaganiza pamwezi, pomwe mavuto athu amayenda pachaka. Novembala ndi Disembala kumudzi akufuna feteleza, Khirisimasi ikudutsa ndi zake, Januwale fizi, yunifolomu ndi nsapato, ndipo Febuluwale chimanga chili pa mtengo wake wapamwamba. Miyezi inayi imeneyo ndi imene imadyetsa akatapila dziko lonse lino. Tengani fizi ya chaka chonse ya ana awiriwo, muigawe pa miyezi 12, ndipo nambala imeneyo muiyese lendi yachiwiri. Ngati teremu ndi K150,000, chaka ndi K450,000, pamwezi K37,500. Ndi theka chabe la zimene bamboyo wakhala akutapa.

Koma ndalama imeneyi isagone mu foni. Ndalama ya mu Airtel Money kapena Mpamba ili ndi miyendo: bandulo apa, kabaza apo, msuweni waflasha, mnzanu wakuponyani m'gulu la WhatsApp la bridal shower ya munthu amene munaonana naye kamodzi. Sukulu zambiri zimalola kupereka pang'onopang'ono, ndiye kaikeni ku akaunti ya sukulu tsiku la malipiro n'kusunga risiti. Palinso chifukwa china chosasungira kwacha nthawi yaitali. Mu Meyi 2022 inagwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi ndalama pansi pa matiresi anadzuka zitafota. Nthawi yabwino yogula chimanga ndi nyengo yokolola. Khadi likangobwerera m'manja mwanu, gulani matumba a chimanga amene banja lanu lingadye mpaka Malichi, muumitse bwino, muthire mankhwala a anankafumbwe kapena musunge m'matumba aja a PICS osalowa mpweya. Munthu wogula ufa wa timapaketi pa okala madzulo alionse amalipira mtengo wokwera kuposa wina aliyense mu mzinda uno, ndipo ndi iyeyo amene alibe ndalama.

Zotsalazo ndi dongosolo la tsiku limodzi lokha, tsiku la malipiro. Lendi kwa alandilodi, fizi, mayunitsi a magetsi a mwezi wonse, bilu ya madzi, thumba la makala, sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira, zonsezi zichoke dzuwa lisanalowe, ndalama isanayambe kukunong'onezani. Yotsala muigawe panayi, ya ndiwo ndi ya minibasi, sabata iliyonse yakeyake. Ine ndimagwiritsabe ma envulopu enieni a khaki, ana amandiseka, koma envulopu ikapepuka Lachinayi dzanja limamva, pomwe foni siikuuza kanthu mpaka itakana. Magetsi akamatha msanga, wakuba ndi hotipuleti, ayironi ndi ketulo, osati mababu amene timakalipira ana. Bilu ya madzi ikakwera mosadziwika, tsekani mipopi yonse usiku, lembani nambala ya pa mita, m'mawa muonenso. Ikasuntha ndiye kuti paipi ikudontha penapake, kawirikawiri m'thanki ya chimbudzi. Ndipo tingongole ta eyataimu ta Kutapa ndi Pasavute n'tothandiza pa ngozi, koma tili ndi kolipira kake, ndiye tikasanduka chizolowezi mukugula eyataimu modula kuposa mnzanu.

Simunatchule za abale, koma sindikukhulupirira kuti kulibe. Kupatsa n'kuika, ndipo amene anatiphunzitsa sukulu ndi ndalama ya fodya ndi mtedza sitingawatsekere foni. Chimene chinandithandiza ine ndi kuika nambala. Ndinakhala pansi ndi mayi anga n'kuwauza kuti mwezi uliwonse pa 28 azilandira yakutiyakuti, osapempha, osakumbutsa. Anakondwa kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa nawonso anayamba kudziwa chowerengera. Ena onse akaimba ndimawauza kuti ya kumudzi yapita kale kwa mayi, akakambe nawo. Ochepa kwambiri amalimba mtima kukapempha kwa gogo. Maliro okha ndiwo sapangana tsiku, n'chifukwa chake loni ya kubanki ikadzatha, kagawo kena ka K75,000 ija kazipita ku SACCO kapena ku akaunti imene ilibe khadi, kuti uthenga wa usiku ukadzafika musadzathamangirenso kwa munthu wa chitini cha mabisiketi.

Miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira idzakhala yowawa, ndisakunamizeni, chifukwa loni idzakhala ikudulidwa pomwe fizi mukuikanso padera. Bonya ndi soya zidzachuluka pa mbale. Mawa m'mawa yambani ndi kwa mkulu wa malipiro kuntchito kwanu, mutanyamula peyisilipi ndi kapepala kolembapo K150,000, osaonjezera ziro. Akakana, pitani ku SACCO, kenako kubanki. Ndipo mundilemberenso bamboyo akayankha za K100,000 ija, ndikufuna kumva kuti anati chiyani mboni ili pomwepo.