Kodi tingagulitse mowa pa laisensi ya alamu anga?

FUNSO: Akonzi, ndine msungichuma wa timu ya amayi ya ntchemberembaye ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Mwezi wamawa tikukonza phwando lopezera ndalama zogulira yunifolomu ndi mipira, ndipo holo talipira kale. Padzakhala nyama yootcha, zoziziritsa kukhosi ndi mowa wogulitsa. Alamu anga ali ndi bala ku Luwinga, ndipo akuti tisataye nthawi ndi zopita kukhonsolo, adzatibwereka laisensi yawo kuti tidzaipachike pakhoma. Kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga n'chiyani china chimene tiyenera kusamala? Mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, alamu anu akufunirani zabwino, koma thandizo limeneli musalilandire. Laisensi yogulitsira mowa imalembedwa dzina la mwini wake ndi malo amene mowawo uzigulitsidwira, choncho pepala la bala ya ku Luwinga likapachikidwa m'holo ya kwina silikutetezani ngakhale pang'ono, ndipo likhoza kuika m'mavuto bizinesi ya alamu anuwo. Kulipira holo nakonso sikukupatsani chilolezo chogulitsa mowa, chifukwa mwini holo wangokubwerekani denga ndi mipando.

Malonda a mowa m'dziko muno amayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Liquor Act, ndipo ziphaso zake zimaperekedwa kudzera m'makhonsolo. Kwa inu, khomo loyenera kugogoda ndi la khonsolo ya mzinda wa Mzuzu. Pitani kukadali masabata angapo, mutatenga kalata ya timu yanu yofotokoza tsiku, malo, nthawi yoyambira ndi yotsekera, komanso dzina la munthu amene adzayang'anire malondawo, ndipo mukapemphe chilolezo chogulitsa mowa pa mwambo wa tsiku limenelo. Mukalipira, tengani lisiti ya khonsolo ndipo muisunge pamodzi ndi chiphasocho pamalo ogulitsira, kuti apolisi kapena ogwira ntchito kukhonsolo akafika musayambe kuimbira foni munthu amene wapita nacho kunyumba. Ndi nzeru kudziwitsanso apolisi za phwandolo, kuti mugwirizane nawo za chitetezo.

Chiphaso chikapezeka, udindo waukulu umatsalira munthu amene waima pafupi ndi makireti. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo apa ndi pamene maphwando ambiri opezera ndalama amaterereka, popeza ogulitsa amakhala anthu ongodzipereka amene amadziwana ndi ogula. Mnyamata wamtali, wa mawu a besi, akabwera ndi ndalama m'manja nanena kuti atumidwa ndi amalume awo amene akhala uko, yankho likhale lakuti amalumewo adzuke adzagule okha. Ngati msinkhu wa wogula ukukayikitsa, mufunseni chiphaso cha unzika, koma musangochiona chapatali n'kugwedeza mutu. Chiphaso chimenechi Amalawi amalandira akakwanitsa zaka 16, kotero kukhala nacho si umboni wakuti munthu wafika zaka 18. Werengani tsiku lobadwa. Ndipo popeza m'matimu a ntchemberembaye mumakhala atsikana a sukulu, amenewo asapatsidwe ntchito yoperekera mowa kapena yotolera mabotolo, ngakhale anthu ogwira ntchito atachepa.

Mowa wake ukhale wodziwika kumene wachokera. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndipo musunge malisiti. Wa m'masacheti boma lidauletsa mu 2015, ndipo kachasu kapena mowa wina uliwonse wothiridwa m'mabotolo opanda chizindikiro usalowe m'holomo, ngakhale wina akuuzeni kuti ndiwo uli ndi phindu lalikulu.

Chovuta kwambiri, makamaka kwa msungichuma amene akuwerenga ndalama iliyonse yolowa, ndi kukana kugulitsa kwa munthu amene waledzera kale. Bambo amene wayamba kudzandira, kukweza mawu ndi kugwetsa mipando amakhala wokonzeka kugula botolo lina, ndipo nthawi zambiri ndiye amene wagula kwambiri usiku wonse. Komabe ameneyo ndi amene amayambitsa ndewu, ndipo magalasi a holo akasweka wolipira ndi komiti yanu. Gwirizanani phwando lisanayambe kuti wogulitsa akakana, palibe wa m'komiti amene adzabwere kudzamukakamiza chifukwa woledzerayo ndi mlendo wolemekezeka. Sankhani abambo kapena amayi awiri aulemu wawo, amene sadzamwa tsikulo, oti azilankhula ndi anthu otere mwakachetechete. Madzi akumwa ndi chakudya zikhalepo mpaka kumapeto.

Nthawi yolembedwa pa chilolezo ikakwana, tsekani malonda ngakhale makireti atatsala odzaza, ndipo zoimbira nazo zitsike, chifukwa oyandikana ndi holo sadaitanidwe kuphwandoko. Za makireti otsalawo kambiranani ndi amene akukugulitsani mowa musanautenge, ngati angalole kuwalandiranso.

Lingaliraninso za kabwereredwe ka alendo anu. Kuyendetsa galimoto utaledzera ndi mlandu, ndipo ena mwa iwo adzafunika kuyenda usiku pamsewu wa M1 kupita ku Ekwendeni, mwina m'chifunga chimene a ku Mzuzu mukuchidziwa bwino. Konzeranitu madalaivala a takisi awiri kapena atatu odalirika, manambala awo alembedwe pakhomo, ndipo mupemphe mwini holo kuti amene walephera kuyendetsa asiye galimoto yake mumpanda mpaka m'mawa.