Zithunzi zomata ndi simbi zikamatuka mutangochapa kamodzi

Mayi wina wa ku Bangula wandilembera imelo. Akuti anagula zithunzi zomata ndi simbi kuti malaya osuluka a ana awo aonekeko bwino, koma atangochapa kamodzi zonse zinamatuka. Funso lawo ndi lakuti, kodi anawagulitsa zachinyengo?

Amayi, mwina wogulitsayo alibe mlandu. Ine ndikukayikira kasitidwe. Kuseri kwa chithunzicho kuli guluu amene amafuna moto ndi kutsindira kuti asungunuke n'kulowa mu ulusi. Ambirife timayendetsa simbi uku ndi uku ngati tikusita yunifolomu, ndiye guluuyo amangogwira pamwamba. Yalani malaya pathebulo lolimba, osati pamatiresi. Phimbani chithunzicho ndi kansalu kopyapyala, ikanipo simbi, n'kuitsamira ndi manja onse awiri masekondi 20 kapena 30, kenako nyamulani muike pena. M'mbalimbali ndi momwe mumayambira kumatuka, choncho bwerezanimo.

Amene muli ndi simbi ya makala musadzione otsalira. Ndi yolemera, pansi pake palibe timabowo ta nthunzi, ndipo nthunzi ndi imene imalepheretsa guluu kugwira. Chenjerani ndi phulusa lokha. Ine khala linandigwera pa malaya a mdzukulu wanga, ndipo chibowo chake tinakatseka ndi chigamba kwa telala. Simbi ya magetsi muziichotseratu madzi onse.

Onaninso nsalu. Ya thonje, lomwe timalima konkuno ku Ngabu ndi ku Chikwawa, imapirira moto. Majezi a mpira a pakaunjika aja ndi poliyesitala, simbi ikapsa kwambiri amanyala n'kusiya chipsera chonyezimira. Werengani kachikwangwani ka pakhosi musanayambe. Nsalu yoti yatha mpaka kuonekera dzuwa, isiyeni, chithunzi sichingailimbitse.

Mukamata, dikirani tsiku lathunthu musanachape. Pochapa tembenuzani malayawo mkati mukhale kunja, madzi akhale ozizira, ndipo zomenyetsa pamwala zija muiwale, ingofikisani pang'ono ndi manja. Poyanika sankhani pamthunzi. Dzuwa la kuno kuchigwa, makamaka mu Okutobala, ndi lomwe linasulutsa malayawo poyamba, ndipo chithunzi nacho limachiumitsa mpaka kuchita ming'alu.

Zomwe zangomatuka m'mbalizo musataye. Ziumitseni, muphimbe ndi kansalu, mutsindirenso. Zambiri zimagwira kachiwiri.