Funsani Adokotala: Chidendene cholasa m'mawa, katumba wokokana usiku

Funso: Ndili ndi zaka 46, ndimagulitsa kaunjika ndipo ndimakhala chiimire pasimenti tsiku lonse. M'mawa ndikangoponda pansi, chidendene cha kumanja chimandilasa ngati ndaponda msomali. Ndikayendayenda ululu umachepa, koma ndikakhala pansi n'kudzukanso umayambiranso. Ena akuti ndinaponda mankhwala. (Mayi wa ku Limbe)

Yankho: Mayi, simunaponde kanthu ayi. Kunsi kwa phazi kuli mtsempha wokhuthala, wotambalala ngati lamba, wochokera pafupa la chidendene kukafika kuzala. Ukalemedwa ndi kuima nthawi yaitali, masilipasi ofwifwa kapena kunenepa, umang'ambikang'ambika pang'onopang'ono pamene wagwirira fupa. Achipatala amati plantar fasciitis. Usiku mtsemphawu umakhwinyata, ndiye mukauponda mwadzidzidzi m'mawa umakokeka pabala pomwepo.

Choncho yambani kuusamalira musanatsike pabedi. Tambasulani mwendo, kolani phazi ndi chitenje m'munsi mwa zala, kokerani kwa inu masekondi 30, katatu. Masana gwirani khoma ndi manja, mwendo wopwetekawo ukhale kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chili pansi, kenaka yedzamirani kutsogolo mpaka katumba amveke kukokeka. Apanso masekondi 30, katatu, kawiri kapena katatu pa tsiku. Ambiri amalakwitsa apa: amatukula chidendene, ndipo zikatero palibe chomwe chatambasuka.

Madzulo gubuduzani botolo la madzi oundana kunsi kwa phazi kwa mphindi 10. Masilipasi aja asiyeni. Pezani nsapato yokhuthala pansi, yokwera pang'ono kuchidendene, ndipo ngakhale m'nyumba musamayende chopanda nsapato. Pamsika pakhale kampando.

Ululu ukakula, ibuprofen wa 400mg mutadya amathandiza kwa masiku ochepa, koma osati ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena pakati. Tikupemphani kuleza mtima, chifukwa vutoli limatenga miyezi kuti lithe. Koma chidendene chikatupa n'kumatentha, phazi likamachita dzanzi, kapena pakatuluka chilonda pomwe muli ndi shuga, pitani kuchipatala osachedwa.

Funso: Pakati pa usiku katumba wanga amakokana n'kulimba gwa ngati mwala, mpaka ndimakuwa. Ndimamwa mankhwala a BP. Mnzanga akuti ndizimwa kwinini. (Bambo wa ku Kasungu)

Yankho: Bambo, kwininiyo musamwe. Angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuyambitsa kutaya magazi, zomwe n'zoopsa kuposa kukokanako.

Katumba akagwira, wongolani mwendo n'kukokera zala chakumsongolo, osati kuziloza pansi, poti kutero kumamukokanitsa kwambiri. Mukatha kuima, pondani chidendene pansi mwamphamvu. Akamasuka, thowani ndi nsalu ya madzi ofunda. Musanagone tambasulani akatumba pakhoma monga tauzira mayi a ku Limbe, ndipo bulangeti musamalipindire zolimba kumapazi.

Nthawi zambiri kukokana kumabwera minofu ikatopa, monga mutalima kapena kupalasa njinga padzuwa, komanso kwa okalamba ndi amayi oyembekezera. Imwani madzi okwanira masana. Ngati mwatsekula m'mimba, sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo.

Nkhani ya BP ndiyo tiyiganizire bwino. Mankhwala ena a BP, okodzetsa monga HCTZ, amatulutsa mchere wa potaziyamu m'thupi, ndipo ukachepa minofu imakokana. Musawasiye panokha, auzeni adokotala kuti akuyezeni magazi, mwina akusinthirani ena.

Chenjerani ndi katumba wa mwendo umodzi amene watupa, akutentha ndipo sakuleka kupweteka. Magazi angakhale ataundana mumtsempha. Musamutikite, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.