Kodi mbalame imayimba kapena imalira?

Mphunzitsi wina, amene akukonza phunziro lokhudza mbalame ya m'nkhalango yotchedwa Thyolo alethe, wafunsa ngati n'koyenera kulemba kuti mbalameyi "imayimba", poti akuluakulu amati mbalame "imalira". Wafunsanso ngati mawu akuti "mbalame yosowa" akumveka bwino.

Aphunzitsi, mneni wodziwika pa nkhani ya mbalame ndi kulira. Tambala amalira, kadzidzi amalira, ngakhale ng'oma imalira, ndipo m'menemo mulibe chisoni. Kuyimba sikolakwika, koma ine ndimakonda kuti mneniyu asungidwire mawu a nthetemya, amene mbalame yaimuna imatulutsa pokopa yaikazi kapena podziwitsa zinzake kuti malowo ali ndi mwini. Ikadzidzimuka chifukwa cha njoka, imeneyo yalira basi. Mukasiyanitsa chonchi, ophunzira adziwa mneni woyenera, komanso amvetsa kuti mbalame sitsegula kukamwa popanda chifukwa.

Samalaninso pofotokoza kadyedwe ka Thyolo alethe. Mbalameyi, ya msana wofiirira ndi pakhosi poyera, imakhala pansi mumthunzi wa mitengo ikuluikulu, ndipo linthumbu likamadutsa m'masamba owuma imalitsatira, n'kumatola tizilombo timene tikuthawa. Choncho lembani kuti "imatsatira linthumbu", chifukwa mukangoti "imadya linthumbu" mwabisa nzeru yonse ya kambalameka.

Mawu akuti "yosowa" ali ndi vuto lakuti kusowa kumatanthauza kutayika komanso kusaoneka kawirikawiri, ndipo mwana angaganize kuti wina anali nayo ndiye yamuthawa. Ndi bwino kunena kuti "yosapezekapezeka", kenako n'kutchula kumene imapezeka, monga kuphiri la Mulanje ndi mapiri a Namuli ndi Mabu ku Mozambique. Pofotokoza za kuchepa kwake chifukwa chodula nkhalango, monga zinachitikira paphiri la Thyolo, gwiritsani ntchito mawu osonyeza zambiri: "mbalamezi zikutha". Dzina lakuti mbalame silisintha, kaya ndi imodzi kaya ndi zambiri, kotero mgwirizano wa mawu ndi umene umaonetsa kuti mukunena za mtundu wonse.

M'mabuku akale mupeza "Cholo alethe", ndipo kalembedwe kachitsamundako kanatsalira m'dzina la sayansi lakuti choloensis, limene katswiri wa mbalame William Sclater anapereka mu 1927. Dzina la sayansilo lisiyeni momwe lilili, koma polemba Chichewa lembani Thyolo.