Funsani Mlenje: Chipolopolo Chikalemera, Wonga Uchepe

FUNSO: Zikomo a Mlenje. Ndimakhala ku Colorado, ndipo chaka chino ndapeza chilolezo chosaka elk, nyama yaikulu ya mtundu wa gwape, m'mwezi wa September, pa nyengo ya mfuti zothirira wonga kukamwa. Ndagula mfuti ya Thompson/Center Hawken yakale ya .50 (kukamwa kwa theka la inchi), yoyatsira kakapu ka nambala 11. Wonga wakuda weniweni ndausowa m'masitolo a kuno. Mnzanga wa kuntchito wandipatsa botolo la wonga wa Blackhorn 209 ndi zipolopolo za mtovu za magireni 460, akuti ndithire wonga wa muyezo wa 150 kuti nyama igwe pomwepo. Kodi ndimumvere?
Mlenje watsopano, Colorado

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo mumuthokoze ndi manja awiri, koma botololo mumubwezere. Blackhorn 209 ndi wonga wabwino, sudetsa mpope kwambiri, koma anaupangira mfuti zamakono zija zoyatsira kumbuyo kwenikweni kwa mpope ndi pulaima (kapu yamoto wambiri) ya 209, yofanana ndi ya m'zipolopolo za shotigani. Moto wa kakapu kanu ndi wochepa, komanso umayenda mokhota usanafike pa wonga. Mudzangomva "pha!" basi, kapena mfuti idzazengereza n'kulira mutaichotsa kale paphewa, ndipo pamenepo mpamene anthu amavulala. Nambala ya 150 nayonso wangoitola. Imachokera ku timibulu titatu ta wonga woumbidwa, kalikonse ka 50, timene amaika m'mfuti zolembedwa magnum, nthawi zambiri ndi chipolopolo chopepuka. Eni ake a Blackhorn amalekeza pa 120, m'mfuti yoyenera. Ndipo ku Colorado kwanuko timibulu n'toletsedwa pa nyengo imeneyi, pamodzi ndi ma sabot (timatumba tapulasitiki tovekera chipolopolo chaching'ono) ndi galasi loonera patali. N'chifukwa chake alenje a kumeneko amakonda mtovu wolemera wodzaza mpope wonse.

Kusowa kwa wonga wakuda sikukundidabwitsa. Malamulo a ku America amauika m'gulu la zophulika, ndiye wa sitolo amafunika chilolezo ndi kosungira kwapadera, ambiri safuna chintchito chimenecho. Fakitale ya Goex ku Louisiana nayo inaima mu 2021 isanagulidwe ndi eni ena. Mukaupeza, wa Goex kapena wa Swiss wa FFg (chizindikiro cha kukula kwa timbewu ta wonga), gulani osanyinyirika, pakuti palibe wina woyaka msanga m'mfuti ya kapu ngati umenewo. Ukasowa, muli ndi Pyrodex RS, imene inayamba kugulitsidwa m'ma 1970, kapena Triple Seven ya FFg. Yonse iwiri ndi ya kampani ya Hodgdon ya ku Kansas. Imafuna moto wambiri kuposa wonga wakuda, choncho mugule makapu a 11 magnum, ndipo mukathira mumenye mfuti pambali ndi chikhatho kuti wonga ulowe m'kanjira ka moto.

Tsopano pamene ndikufuna mutchere khutu. Wonga wolowa m'malo mwa wakuda, monga Pyrodex ndi Triple Seven, umayezedwa ndi kachubu koyezera, osati pa sikelo. Tikati 80, tikunena kachubu kotchera pa 80, kamene anakapanga poyeza wonga wakuda. Pyrodex ndi yopepuka, ndiye munthu akaiyeza magireni 80 pa sikelo wathira yopitirira kwambiri. Triple Seven nayo ndi yaukali: a Hodgdon amati muchotse 15 pa 100 alionse kuti mufanane ndi wonga wakuda. Kachubu ka 85 ka Triple Seven kakugwira ntchito ya 100.

Onjezani kulemera kwa chipolopolo. Kampira kozungulira ka .50 kamalemera magireni pafupifupi 177, magalamu 11 ndi theka. Chanu cha 460 chikusendera ku magalamu 30. Chimachedwa kunyamuka, ndipo pa kamphindi kameneko mpweya wotentha umapanikizana kutsinde kwa mpope kuposa mmene ungachitire kumbuyo kwa kampira. Muyezo womwewo umene uli wofatsa ndi chipolopolo chopepuka umasanduka wolusa ndi cholemera. Hawken yanu ili ndi chitako cha mkuwa chokhota, ndipo chidzakuuzani chokha paphewa. Chizindikiro china ndimachiyang'ana nthawi zonse: mukaombera n'kupeza hamala yabwerera yokha m'mbuyo, kapena tizidutswa ta kapu tamwazika, mwathira wambiri kapena kabowo ka nsonga yovekapo kapu kakula. Lekani pomwepo.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayambira pa 70 ya Triple Seven, kapena 80 ya Pyrodex, kuombera zitatuzitatu pa mayadi 50, n'kumakwera ndi 5 mpaka mabowo atayandikana. Kawirikawiri zimakhazikika munthu asanafike pa 90. Malire enieni ali m'kabuku ka mfuti yanu, kamene kamapezeka pa intaneti, ndipo kabukuko kamaposa mawu a mnzanu ndi anga omwe. Elk yamphongo imatha kufika makilogalamu 300, inde, koma chimene chimaipha ndi mtovu wolemera wobooleza mapapo onse awiri. Wonga woonjezera umangokuphunzitsani kutsinzina poombera.

Za 460 zija ndili nazo kakayikiro. Mizere ya m'kati mwa Hawken zambiri imazungulira kamodzi pa mainchesi 48, pomwe mfuti zamakono zimazungulira pa 28. Chipolopolo chachitali chimafuna kupota mwachangu kuti chisagudubuzike m'mlengalenga. Yesani ndithu, poti mwapatsidwa ulere, koma muyang'ane pepala. Bowo likakhala lozungulira bwino, zili bwino. Likakhala lotalika ngati la kiyi wa chitseko, chafika chammbali, ndiye mugule zipolopolo zofupikirapo, Maxi-Ball ya magireni 370 kapena Hornady Great Plains ya 385, zimene mpope woterowo umazikonda. Kachidutswa ka nsalu yokhuthala ya ubweya pakati pa wonga ndi chipolopolo kamathandizanso kuti moto usanyambite tsinde la mtovu.

Chimene chimaphulitsa mipope yambiri ndi mpata. Chipolopolo chizikhala chogunda pa wonga. Triple Seven imasiya kamkanda kolimba ka mwaye chapafupi ndi pamene chipolopolo chimakhala, ndipo munthu amaganiza kuti wafika pansi chikhalirecho watsala ndi chala chathunthu. Mpope uli woyera, ikani muyezo wanu, mulembe mzere pa ndodo yogogodera molingana ndi kukamwa kwa mfuti. Mzerewo ukapanda kufika, musaombere. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono mukaombera kamodzi kalikonse. M'phiri namo, mtovu wolemera umatha kusefukira kutsogolo mukayenda mfuti itazyolika, ndiye mukapuma muchotse kapu n'kuyesanso ndi ndodo.

Amene tinakula tikuona gogodela za agogo timadziwa kuti zija ankathira poyeza m'chikhatho. Musatengere zimenezo, ndipo wonga uwu usalowe m'gogodela yosula pamudzi kapena yodyeka ndi dzimbiri. Wonga wopanda utsi wa m'zipolopolo za mfuti wamba usayandikire n'komwe Hawken yanu, ngakhale utaoneka wakuda. Pothira, muzithira kuchokera m'kachubu, botolo lili potero lotseka, chifukwa kamoto kotsalira mumpope kangayatse lonse lili m'manja.

Madzulo a tsiku lomwe mwaombera, tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, muumitse, mupake mafuta. Pyrodex imadya chitsulo mofanana ndi wonga wakuda, ndipo ikagona usiku umodzi m'nyengo yachinyezi mudzapeza dzimbiri lofiira pakansalu. Musanathire wonga m'mawa wokasaka, pukutani mafutawo ndipo muombere makapu awiri mfuti ili yopanda kanthu, mutaloza pa tsamba louma pansi. Tsambalo likagwedezeka, njira ya moto ndi yotseguka.